Kabowo Kakang'ono Kamatsogola

"Madzi aja si anatuluka Lachitatu? Nanga akufunanso chiyani pansipo?"

Naomi anafunsa ataima pakhomo la dimba lake, ndowa ili m'manja. Mlongo wake Obed anaika dzanja kukhutu, n'kupukusa mutu, n'kuloza makina amene ankalira kumtunda kwa dimbalo. N'zoona makinawo anali aphokoso, ndipo n'zoonanso kuti Obed anabwerako kumigodi makutu atatha. Koma Naomi ankaudziwa ugonthi wa mlongo wakeyo. Unali ugonthi wosankha, chifukwa mawu akuti "kwa a Ezara kuli mowa" ankawamva ali tsidya lina la dambo.

Unali mwezi wa Seputembala, chaka cha 1979. Makinawo anali atabwera pa lole kuchokera kumsewu waukulu wa ku Sinda, pamodzi ndi antchito anayi ndi kapitawo wawo Gilbert, munthu wa chisoti choyera amene mano ake sankalowa m'kamwa. Iye anati kampani yawo yabwera kudzakumba mjigo. Malo amene anasankha anali kumutu kwa dimba la Naomi, pafupi ndi chitsime chimene malemu amayi ake anakumba ndi khasu. Naomi sanafunsidwe. Anafunsidwa ndi Obed, poti ndiye mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi malo awo. Obed anavomera tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake anatulukira atavala ovolosi ya kampani.

Naomi anali wamasiye wa ana anayi, ndipo dimba limenelo ndilo linali mwamuna wake. Kabichi, repu ndi matimati ake zinkamwa m'chitsime chimodzi chomwecho, chimene sichinaumepo ngakhale m'chaka cha chilala. Tsopano anthu a makina anali ataponyamo paipi yawo. Ankapopa madzi n'kuwathira m'bowo kuti mano a chitsulo asapse, ndipo madziwo ankabwerera kumwamba ali otuwa, n'kutsikira m'ngalande ya kabichi. Izi Naomi anazipirira. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'choti Lachitatu lija madzi oyera anatumphuka m'bowomo, amayi a m'mudzi n'kululutira, koma chitsulo chija sichinaime. Chinapitiriza kuzungulira, ndipo Obed ankangolumikiza paipi pamwamba pa inzake.

Loweruka anasenza dengu la kabichi kupita ku Sinda kwa Hajira, mkazi wa Mikidadi wa sitolo, amene ankamugula masamba.

"Mwatiiwala, amayi a mjigo!" anatero Hajira akufinya kabichi mmodzimmodzi. "Ndamva mwayamba kusamba kawiri patsiku."

"Tisambe chiyani? Phokoso?"

"Koma alongo anu ndiye awala. Dzana anabwera kudzagula sopo wonunkhira, akuyenda ngati msewu ndi wawo. Ine ndinangoti mumtima, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Hajira anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Ndikufunseni. Mjigo wathu wa kumzikiti uja, munaona m'mene anakumbira? Atangopeza madzi anaima, zinyalala za miyala n'kuzisiya pompo, ana n'kumaseweretsa. Nanga anu aja bwanji miyala akuigoneka m'mabokosi ngati mazira?"

Naomi anali ataiona miyalayo. Inkatuluka m'paipi ili yaitali, yobulungira bwino ngati nzimbe, ndipo Gilbert ankaitsuka, n'kuilemba manambala ndi penti wofiira.

"Bambo a kuno anawaona akukweza mabokosi asanu pa galimoto ya ku Lusaka," anapitiriza Hajira. "Munthu wofuna madzi atumize mwala ku Lusaka? Kaya, ine sindinapite kusukulu. Koma wakutsina khutu ndi mnansi."

Njira yonse yobwerera Naomi anayenda mtima uli m'mwamba. Ankakumbukira nkhani imene Obed ankakonda kusimba akalawa, nkhani imene m'mudzi monse anali ataimva mpaka kutopa nayo. Zaka khumi ndi zinayi iye anayendetsa makina oboola njira pansi pa mgodi. Ankati mutu wa makinawo unali waukulu ngati nkhokwe, wokhala ndi magudumu a mano amene ankazungulira n'kumatafuna thanthwe, moti munthu ankatha kudutsa m'njira imene wasiya. Ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, chala chili m'mwamba: "Koma mutuwo subwera wokha. Kabowo kakang'ono kamatsogola, mutu waukulu umabwera pambuyo."

Atafika kudimba anapeza ngalande ya kabichi ili youma. Makina ankalirabe, pampu inkakokabe madzi m'chitsime, koma m'bowomo simunkabwerera ngakhale dontho. Anatenga nsungwi imene ankayezera chitsime n'kuitsitsa. Madzi anali atatsika mkono wathunthu kuchoka pa chizindikiro chimene amayi ake anasema.

Anadikira mpaka antchito atapuma masana. Obed anali atakhala payekha pansi pa mtengo wa mango, akukulunga fodya. Naomi anamuponyera nsungwi ija pamiyendo.

"Alongo, yang'anani pamene pathera kunyowa."

Dzanja la Obed linanyamuka kupita kukhutu.

"Musayerekeze! Makina azima. Ngati simukumva ndikakuwira kubwalo, mudzi wonse umve nawo." Anagwada pafupi naye. "Si inu munkanena kuti kabowo kakang'ono kamatsogola? Kabowo ndi aka m'dimba mwanga. Mutu waukulu ukubwera liti?"

Fodya uja anayamba kuyoyokera pansi kuchoka m'manja mwa Obed.

"Munadziwa?"

"Ndinadziwa lole isanaime," anayankha pomaliza. "Makina a mjigo sakhala chonchi. Awa ndi ofufuzira miyala. Akaipeza yabwino, ndiye amabweretsa aakulu aja."

"Ndipo munavomera. Malo a amayi."

"Naomi, tamvera. Mgodi ukatseguka pano, ana akowa sadzapita kutali ngati ine. Ntchito idzakhala pakhomo. Ine ndinabwerako ndi chiyani? Chifuwa ndi sutikesi. Anthu amandiseka, akuti injiniya wa pa chikho cha mowa. A Gilbert atandiona ndagwira sipanala anati, 'Mdala, inu ndinu mwini ntchito.' Ndinali nditaiwala kuti mawu amenewo amakoma bwanji. Alonjeza kuti tikatha pano andinyamula ku Vubwi."

Naomi anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa kwambiri. Akanakhala mlendo akanamutukwana n'kuthana nazo. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

"Madzi anga apita kuti?"

Obed anatola kamtengo n'kujambula pansi. "Madzi a dimba lako amakhala pamwamba pa thanthwe, ngati m'mbale. Ife taboola mbaleyo, ndipo usanadze tagunda mng'alu pansi pake. N'chifukwa chake madzi asiya kubwerera. Onse akutsikira mumng'alumo, athu ndi ako omwe."

"Amatseka bwanji?"

"Kumgodi tinkapopera simenti, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Matumba ngati khumi ndi awiri."

"Pa lole paja pali simenti. Ndaiona."

"Ija ndi ya ku Vubwi. Pano akuti angoika kachivindikiro pamwamba." Obed anayang'ana kumbali. "Miyala ya pano akuti ilibe kanthu. Tikupakira Lachiwiri."

Naomi anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye mgodi kulibe, mjigo kulibe, chitsime kulibe. Mwagwira ntchito, a mwini mbumba." Anaimirira n'kutola nsungwi yake. "Pitani ku Vubwi. Koma dziwani kuti tsiku limene chifuwa chanucho chidzakugwetseni, lole sidzakuphikirani phala."

Lolemba m'mawa anapita yekha kwa Gilbert. Kapitawoyo anamulandira ndi mano onse, akulankhula chilankhulo chake cha m'tauni.

"Amayi, osadandaula. Ni dry season chabe iyi, zitsime zonse zimatsika. Mvula ikabwera zonse zizakhala fine."

"Chitsimechi chaona chilimwe zaka makumi atatu, bambo. Mjigo munalonjeza uja uli kuti?"

"Report ikapita ku office, bazaona." Anatembenuka n'kuyamba kukalipira antchito ake.

Tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, makina anasintha kulira. Anabuula, lamba anaterereka n'kununkha, kenaka zii. Poti madzi sankabwereranso kumwamba, phala la miyala linali litakhazikika pansi n'kugwira mapaipi. Mapaipi makumi atatu, pamodzi ndi mutu wake wa mano a dayamondi, anakanirira m'bowomo. Antchito anakoka, anamenya ndi hamala, anazungulira chammbuyo mpaka Gilbert anawaletsa poopa kuti adula mazinga olumikizira mapaipi. Lachiwiri linafika lole ili chiimire. Mano a kapitawo analowa m'kamwa kwa nthawi yoyamba.

Naomi ankaonerera akuthirira matimati ndi madzi amatope amene anatsala. Anaona Obed akubwera kuchitsime. Obed anatsitsa ndowa, n'kuikoka, n'kuyang'ana nthawi yaitali matope amene anatuluka. Anakhudza mwala wa pamlomo pa chitsime, umene iye mwini ananyamula ndi amayi ake ali mnyamata. Kenaka anapita n'kukakhala pa dilamu la dizilo, manja atapinda.

"Mdala!" anaitana Gilbert. "Imwe munasebenza ku mine. Mapaipi yakagwira so, munali kuchita bwanji?"

Obed anaika dzanja kukhutu.

"Nakamba ati, munali kuchita bwanji?"

Obed anapukusa mutu mwaulemu, n'kuloza makina. Makinawo anali chete ngati manda.

Gilbert anayandikira n'kukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera. Antchito anayamba kuyang'ana pansi kubisa kuseka. Naomi anaika ndowa pansi, anapukuta manja pachitenje, n'kubwera pang'onopang'ono.

"Musadzivutitse, bambo. Alongo angawa makutu anawasiya ku mgodi. Ndine ndekha ndimadziwa kulankhula nawo."

"Bauzeni banithandize!"

"Akuti sakumva. Koma matendawa ndimawadziwa ine. Matumba a simenti aja akatsika pa lole, khutu limodzi limatseguka. Mukalumbira pamaso pa anthuwa kuti simentiyo ilowa m'bowomu, linalo limatsegukanso."

Gilbert anayang'ana Naomi, anayang'ana Obed, anayang'ana mapaipi. Ankadziwa chimene chikanamuchitikira akanabwerera ku ofesi wopanda mutu wa dayamondi.

"Mdala, ganizani bwino. Mukachita so, ku Vubwi simuyenda."

Obed sanagwedezeke. Pomaliza Gilbert anagonja, n'kulumbira pamaso pa antchito ake.

Matumba anatsika, khumi ndi awiri, ndipo Naomi anaima pambali pake kufikira lomaliza. Pamenepo Obed anadzuka. Anatuma antchito kukafukula dongo lamphamvu la pa chulu, analisungunula m'dilamu pamodzi ndi utuchi, n'kulipopera m'mapaipi pang'onopang'ono. Anagwira chogwirira cha makina yekha. Ankakweza pang'ono, n'kutsitsa, n'kupotoza pang'ono, dzanja lina atalikhazika pa paipi, akumva ndi chikhatho zimene makutu sakanamuuza. Anachita zimenezi kuyambira m'mawa mpaka mthunzi wa mango unafika pa lole. Kenaka paipi inanjenjemera, n'kuzungulira. Wantchito wina anaombera m'manja, ndipo Naomi, ngakhale anali ndi mkwiyo, anaona kuti nkhani za pa mowa zija sizinali zabodza.

Simenti anaipopera m'mawa mwake, Obed akuyang'anira thumba lililonse. Itatha, Gilbert anati ovolosi ndi katundu wa kampani. Obed anaivula pomwepo n'kutsala ndi kabudula wake wakale. Lole inanyamuka kulowera kumsewu waukulu, ndipo iye anaiyang'ana mpaka fumbi linatha.

Chitsime chinasiya kutsika. Patapita masabata awiri chinayamba kukwera, chala chimodzi lero, chala china mkuja, koma pa chizindikiro cha amayi sichinafikenso. Mabedi atatu a kabichi a kumtunda anali atapsa kale, ndipo Hajira anachita kukagula kwina mwezi umenewo.

Tsiku lina m'mawa Naomi anapeza Obed ali m'dimba, akuzula zitsa za kabichi wouma uja, akutsokomola. Palibe anamutuma. Anali chakutali ndithu, atamufulatira. Naomi anatsitsa nsungwi m'chitsime, anaitulutsa, n'kusema chizindikiro chatsopano pansi pa chakale. Kenaka analankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha.

"Umwini mbumba ndi wanu, sindikulandani. Maliro ndi maukwati muziyendetsa ndinu. Koma wina akadzabweranso kudzafunsa za dimba ili, mudzamulozere khomo langa."

Khasu la Obed linaima m'malere. Sanatembenuke, ndipo dzanja silinapite kukhutu.

"Ndamva," anatero.