Chilombo cha Bambo

Bambo anga anathera maso awo pa chilombo chomwe chinafa dziko lisanaone munthu. Ankagwira ntchito m'chipinda chapansi cha nyumba yosungiramo zinthu zakale, kutokosa mwala ndi singano kuti mafupa atuluke osathyoka. Chinali cha m'nyanja, cha nthawi ya madayinaso, khosi lalitali kuposa thupi, zipsepse zinayi ngati nkhafi. Mayi ankachitcha mkazi mnzawo, ndipo ponena sankaseka.

Popuma ntchito, maso anali atazimiratu. Chomwe ankafuna chinali chimodzi: kuchikhudza chitaima. Ankachidziwa fupa ndi fupa chili mbwee patebulo, koma chathunthu ayi.

Akuluakulu a nyumbayo atachiimika m'holo yaikulu sanatiitane n'komwe. Zinandiwawa. Ndinawasitira malaya, tinakwera basi, n'kukaima pamzere ngati alendo. Tinachipeza chili pazitsulo, atachizunguliza chingwe.

"Osagwira, amayi," anatero mlonda.

"Achimwene, bambowa ndi amene anachitulutsa m'mwala. Saona. Kamodzi kokha."

Mlonda anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza chingwe. Bambo anapukuta manja pathalauza, ine n'kuwatsogolera dzanja. Zala zinayenda pachipsepse, kenako zinaima. Anagogoda ndi chikhadabo, ndipo chinalira ngati ndowa yopanda madzi.

"Si ameneyu," anatero chapansipansi.

"Eya, agogo, ichi n'choumba," anayankha mlonda. "Mafupa enieniwo ali m'mabokosi pansipa."

Ndinawatsitsa masitepe omwe anawatsika moyo wawo wonse. Chitseko anatsegula ndi mayi wovala gawuni yoyera, bwana watsopano. Anawalonjera mwaulemu kwambiri, ulemu woti sungaupeze pogwira kuti ukangane nawo. Anati dzina lawo amalimva.

"Aloleni angokhudza fupa limodzi," ndinapempha.

"Angathe kulowa, koma avale magolovesi. Masiku ano sitigwira ndi manja. Thukuta limawononga mafupa."

"Munthu wosaona muwaveke magolovesi? Ndiye aona ndi chiyani?"

"Pepani, achemwali, ndi lamulo."

Mawu oipa anali atafika kale pamlomo panga. Ndinatembenuka kuti bambo andithandize, anene okha kuti manja amenewa ndi omwe anadzutsa chilombocho. Iwo ankangosisita nsonga za zala zawo.

"Akunena zoona, mwanawe," anatero. "Limawonongadi."

Anapisa manja m'matumba, ndipo sanawatulutse ngakhale pokwera masitepe. Ndinachita kuwagwira pachigongono.