Kamakina Kamene Kankathawa Kasanavomere

Mwandida analota dzuwa likuswa mtengo, ali pa mpando wakumbuyo mu minibasi yotsikira ku Chikwawa, chikwama cha laputopu atachikumbatira pamiyendo. Minibasi inaima pakati pa phiri, kondakitala natsegula chitseko, koma kunja kunalibe msewu. Kunali chipinda chake chogwiriramo ntchito cha ku Blantyre: tebulo lake, mawaya ake, ndi fungo lija la mtovu wowotcherera. Anatsika. Palibe amene anadabwa.

Patebulopo panali kamakina kamene kanamusowetsa mtendere sabata yonse. Kanali kakang'ono ngati sopo wosambira, ndipo ntchito yake inali kumvetsera kupuma kwa ana obadwa masiku asanakwane, n'kumasunga zonse zimene kamva. M'mimba mwake munali kapurosesa, kaubongo kake, kosaposa chikhadabo. Mwandida ndiye ankasamala pulogalamu imene imachititsa kuti kamakinako kamvane ndi kompyuta akakalumikiza ndi chingwe cha USB. Anzake kuntchito ankaitcha dalaivala, ngakhale siyendetsa galimoto. Sabata yathayo anaikonza kuti izifulumira, nakaiika yekha m'timakina tonse ta pa kachipatala kena kuchigwa cha Shire. Anayesa kamodzi, zinatheka, iye n'kubwerera kwawo. Kuyambira m'mawa mwake, panalibenso kompyuta imene inkatizindikira, ngakhale laputopu yake yomwe.

M'kamodzi mwa timakinato munatsekeredwa kupuma kwa masiku atatu kwa kamwana kakakazi kamene kankaleka kupuma mwa apo ndi apo. Adokotala ankafika pachipatalapo Lachinayi lokha, ndipo ankafuna aone zimenezo asanagamule ngati kamwanako katumizidwe ku chipatala chachikulu kapena ayi. Tsikulo linali Lachinayi.

Mwandida analumikiza chingwe. Kompyuta inatsokomola pang'ono, n'kulankhula mwaulemu.

"Pepani, mayi. Ameneyu sindikumudziwa."

"Ndi yemwe uja munkacheza naye mwezi watha," anatero Mwandida.

"Kapena ndi iyeyo. Koma sanandiyankhe."

Pamenepo chingwe chija chinayamba kufufuma ngati mtanda wa mandasi, mpaka kukamwa kwake kunakula ngati khomo la tchalitchi. Kamakina kanayamba kulira. Mwandida anamasula chitenje, nakabereka kumbuyo. Kanali kofunda, ndipo ankakamva kakupuma pamsana pake. Analowa m'chingwemo.

Mkati munali khonde lalitali. M'mbali mwake munali ngalande ziwiri, ina yopititsa madzi owala, ina yowabweza atazilala. Pakati panadutsa tinjira tiwiri topotana, ndipo mawu ankayenda m'menemo wapansi, awiriawiri. Aliyense anali chete, pakuti lamulo la kumeneko linali lakuti mlendo sayamba kulankhula, amadikira afunsidwe. Lamuloli Mwandida ankalidziwa, analiwerenga m'mabuku a ntchito kambirimbiri. Chimene sankadziwa n'chakuti lili ndi fungo. Linkanunkha sipiriti wa kuchipatala.

Kumapeto kwa khondelo kunali kauntala, ndipo kuseri kwake kunaima kalaliki wovala khoti loyera lofika m'mapazi. Nkhope yake inali galasi la kompyuta ya kuchipatala kuja, long'aluka pakona. Patsogolo pa Mwandida pamzere panali Kiyibodi, mayi wa mano ambirimbiri, ndi Fulashi, bambo wamfupi wosenza katundu wa anthu ena. Aliyense kalaliki ankamufunsa dzina, n'kumupatsa nambala. Asanachoke pakauntala ankachita kanthu kena ndi manja, koma Mwandida sanakaone bwino chifukwa kamakina kankavuta kumbuyo. Onse awiri anapita ku makomo awo, makomo n'kutseguka.

Inakwana nthawi yawo.

"Ndinu yani?" anafunsa kalaliki. "Mumagwira ntchito yanji? Mumadya magetsi ochuluka bwanji?"

Kamakina kanasuzumira paphewa pa Mwandida, n'kuyankha zonse ndi mawu a mwana, osaphonya ngakhale pamodzi. Mwandida ananyadira mumtima, poti mawuwo anawalemba ndi iye.

"Chabwino," anatero kalaliki. "Kuyambira pano ndinu nambala 7. Mwamva?"

Asanatseke n'komwe pakamwa, kamakina kanapulumuka m'chitenje, liwiro mpaka pa khomo lachisanu ndi chiwiri, n'kukaima njo, kudikira. Kalaliki anatsala akuyang'ana chitenje chopanda kanthu.

"Mwamva?"

"Si ako apo, bambo," anatero Mwandida. "Kali pa khomo lomwe mwakapatsa."

Kalaliki sanacheuke. Analibe khosi.

"Ine ndimayang'ana pamene ndamusiya munthu," anatero. "Mwamva?"

Kunali zii. Anatenga chidindo, nadinda papepala mawu akuti WOSADZIWIKA. Kunachita mdima wa kamphindi, ndipo kutayera Mwandida anapezeka ali kumapeto kwa mzere, kamakina kali kumbuyo ngati poyamba.

Zinachitika chomwecho kachiwiri, kenako kachitatu. Ulendo wachitatuwo anayang'anitsitsa khomo lija, naona kuti ndi lagalasi. Kuseri kwake kunali wodi ya ana. Sisitala Fombe, namwino amene anamuimbira foni m'mawa, anaima chapafupi atatambasula manja opanda kanthu. Pabedi panakhala mayi wachitsikana, kamwana atakamangirira pachifuwa mkati mwa nsalu. Kupuma kwa kamwanako kunkamveka khonde lonse. Kakaleka kupuma, madzi a m'ngalande zija nawonso ankaima. Madziwo anaima Mwandida akuona, ndipo anawerenga mpaka khumi ndi zinayi asanayambenso kuyenda.

Sisitala Fombe sanakalipe. Anangokweza mkono, namuonetsa wotchi. M'malo mwa muvi, pawotchipo pankayenda kagalimoto ka adokotala, kakuzungulira pang'onopang'ono kulowera kugeti.

Mwandida anatuluka pamzere, nakakhala pa benchi ya m'mbali mwa khonde. Pabenchipo panali a Makwinja.

A Makwinja anamwalira mu Febuluwale. Ndiwo anamuphunzitsa ntchito atangochoka kusukulu, ndiponso ndiwo analemba dalaivala woyamba wa kamakinako. Anavala juzi yawo yomwe ija yopserera pamkono, magalasi atawamanga ndi kawaya kamkuwa. Ankasenda waya ndi mano, monga ankachitira ali moyo.

"Mwaswera bwanji, a Mwandida?"

"Ndaswera bwino, kaya inu bambo?"

"Kuno sitiswera, koma zikomo pofunsa." Analavula kapulasitiki. "Mzere wanga uja munaufufuta."

Mwandida anadziwa mzere umene ankanena. Unali pakati pa pulogalamu, ndipo pambali pake a Makwinja analembapo mawu awiri okha: dikira pano. Iye anauchotsa tsiku limene ankafulumizitsa zinthu.

"Unkachedwetsa, bambo."

"Ndiyo inali ntchito yake."

"Simunalembe chifukwa chake."

A Makwinja anapotokola waya uja ndi zala.

"Kumeneko ndiye kulakwa kwanga," anatero. "Ndinkayesa ndidzakuuzani pakamwa. Munthu amaona ngati masiku ali m'thumba." Analoza kalaliki ndi chibwano. "Tamverani tsono. Akakupatsa dzina latsopano, umayamba wavomera uli pomwe unaima. Ukathamangira kukakhala ku latsopanolo, wokufunsa uja amatsala akulankhula ndi mphepo. Kamwana kanuka si kopusa ayi. N'kaphuma chabe, ndipo phumalo munakaphunzitsa ndinu."

Anapisa m'thumba la juzi. Munatuluka kadothi kofiira, kenako envelopu yoyera. Mwandida anailandira ndi manja awiri, naitsegula.

"Mulibe kanthu, bambo."

"Musaikemo kanthu. Akalaliki aja safuna nkhani. Akungofuna adziwe kuti mawu afika."

Mwandida anayang'ana envelopu ija nthawi yaitali. Panali chinthu chimene sanauzepo munthu aliyense. A Makwinja ali gone m'chipatala anamutumizira uthenga pafoni, wofunsa kuti kamakina kathu kakuyenda bwanji. Iye anauwerenga, koma masiku amenewo zinthu sizinkayenda, ndiye anati ayambe wakonza kuti akawayankhe ndi nkhani yabwino. Patapita masiku awiri anamva za maliro. Lolemba lotsatira akuntchito anamupatsa tebulo lawo ndi mpando wawo, iye n'kukhalapo.

"Uthenga wanu uja ndinauona," anatero Mwandida. "Sindinayankhe."

"Ndikudziwa. Ndinadikira ndithu, sindikunamizeni. Foni ndinaiika pansi pa pilo."

"Ndinkafuna ndikuuzeni zabwino."

"Wodwala safuna zabwino zokhazokha, a Mwandida. Ndinkangofuna kumva kuti muliko."

Misozi inagwera pa envelopu, koma siinanyowe.

"Ndiliko, bambo."

"Ndamva," anatero a Makwinja, ndipo mapewa awo anatsika ngati a munthu amene watula mtolo. "Dzukani. Mzere ukuyenda."

Ulendo uno Mwandida anamasula kamakina kumbuyo, nakanyamula pachifuwa. Kalaliki anafunsa mafunso ake, kamakina n'kuyankha.

"Kuyambira pano ndinu nambala 7. Mwamva?"

Kamakina kanadumpha, koma Mwandida anali atakagwira kale. Kanaphiriphitha, kanamenya timiyendo, kanamuluma pachala. Kanayamba kutentha ngati nsimbi, mpaka bulauzi yake inafuka utsi. Kenako kanalemera ngati thumba la simenti, ndipo mawondo ake anagunda pansi. Sanakataye. Madzi a m'ngalande anaima, khonde lonse linati zii, ndipo iye anadziwa tanthauzo lake, komabe sanakataye.

"Mwamva?" anabwereza kalaliki.

Kamakina kanaleka kulimbana, n'kumuyang'ana Mwandida ndi kanyali kake kobiriwira.

"Mayi, andipatsa kale malo," kanatero. "Ndichedwerenji?"

"Sanamve kuti wamva, mwanangu. Apatse ichi uli pompano."

Anakaikira envelopu m'dzanja. Kamakina kanatambasula mkono pang'onopang'ono mpaka pakauntala. Kalaliki anatsegula envelopu, nayang'anamo mosamala, ngodya ndi ngodya, ngati munthu wowerenga kalata yochokera kutali.

"Zikomo kwambiri," anatero. "Pitani."

Mwandida anatsegula manja. Kamakina kanayenda, osathamanganso, ndipo khomo lachisanu ndi chiwiri linatseguka lokha. Madzi anayambanso kuyenda. M'kamwa mwa kamakina munayamba kutuluka mpweya wa kamwana kaja wa masiku atatu, umodziumodzi, uliwonse ngati kanthenga koyera. Tinthengato tinandanda pansi pa wodi kuyambira pakhomo mpaka pabedi, ndipo pamene kamwana kanaleka kupuma pankatsala mpata. Sisitala Fombe anagwada, nayamba kuyeza mipatayo ndi chala. Mayi wachitsikana uja anadzutsa mutu koyamba.

Mwandida anacheuka kuti aitane a Makwinja adzaone. Benchi ija inali italowa m'ngalande yobwerera, ikuyandama kulowera kumene madzi ozilala amapita. A Makwinja anali atawerama, akumanga zingwe za nsapato. Ataweramuka anakweza dzanja, osati motsanzika, koma momuuza kuti alowe.

Mwandida anaponda pakhomo. Pansi panagunda, panagundanso.

Anadzidzimuka. Minibasi inali pa mlatho wa Shire, matayala akugunda m'malumikiziro. Thukuta linali litanyowetsa bulauzi yonse. Pambali pake panakhala mayi wachikulire wonyamula ndowa ya tomato, akumuyang'ana mwachifundo.

"Achemwali, mwalira kutuloko. Kodi kumene mukupita kuli zovuta?"

"Ayi, mayi. Ndikuthamangira kuti kusakhale zovuta." Anatsegula chikwama, natulutsa laputopu ndi kamakina koyeserera kamene anatenga kuntchito. "Tandigwirirani aka."

Mayiwo anapukuta manja pachitenje, nakalandira ngati dzira. Mwandida anatsegula pulogalamu laputopu ikudumpha pamiyendo. Anapeza pamene kamakina kamatenga nambala yatsopano, nabwezeretsa mzere wodikira kuti yankho lopanda kanthu liyambe lapita. Pambali pake analemba chifukwa chake, mizere inayi yathunthu, kuti wobwera pambuyo asadzafunse. Anatumiza pulogalamuyo m'kamakina kudzera pa kawaya kapadera, kenako nalumikiza chingwe cha USB.

Sipanachitike kanthu. Minibasi inatsika pamlatho. Kenako laputopu inalira kamodzi, ndipo pagalasi panatuluka dzina la kamakina, lolembedwa bwinobwino.

"Kalira," anatero mayi aja. "Ndiye kuti kali moyo?"

"Kali moyo."

Mwandida anaimba foni. Sisitala Fombe anayankha msanga.

"Asisitala, ndawoloka mlatho. Vuto lija ndalipeza. Chonde, adokotala asanyamuke."

"Anali atalowa kale m'galimoto," anatero Sisitala Fombe, "koma dikirani." Kunamveka mapazi akuthamanga, kenako kugogoda pagalasi, ndi mawu a anthu awiri. "Akuti akupatsani theka la ola. Kamwana kangoyamwa kumene. Fulumirani."

Mwandida anatambasula dzanja kuti atenge kamakina, koma mayi aja anakana nako. Anakafunditsa ndi nsonga ya chitenje chawo, nakankhira ndowa ya tomato pambali ndi phazi, n'kumenya denga la minibasi ndi chikhatho.

"Inu akutsogoloko, pondani moto! Musaimenso paliponse. Kuno tanyamula wa kuchipatala!"