Khutu Lopindika la Kamvuluvulu

Tsamba lomaliza la bukulo linali pa tebulo, mwini wake ali gone kuchipatala, osindikiza akudikira. Vuto linayambira pamenepo.

Kampaniyo inali ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala. Inkatulutsa mabuku a makatuni a ngwazi yaikazi yotchedwa Kamvuluvulu, mayi wouluka wovala chigoba kumaso, amene ankanyamula basi yodzaza anthu ngati akunyamula mwana wa mnzake. Ntchito inkadutsa m'manja atatu. Oyamba anali a Pensulo, amene ankajambula nkhani yonse ndi pensulo. Pepala likachoka kwa iwo linkapita kwa alamu awo, a Chalachakuda, odutsitsa inki pamwamba pa mizereyo. Dzinali sanawanamizire ayi, chala chawo chinada kalekale mpaka sopo anakweza manja. Inki ikauma ankafufuta pensulo yonse ndi labala, n'kupereka tsambalo kwa mtsikana wa mitundu, amene ankalipaka pa kompyuta.

Musaganize kuti wa inki amangoponda m'mapazi a mnzake. Wa pensulo akamajambula chibwano amasiya mizere isanu, ina yolimba, ina yongoyesa. Wa inki amasankhapo umodzi, inayi yotsalayo n'kufa ndi labala. Wa mitundu ndiye amanena ngati kunja kwacha kapena kwachita mitambo, ngati munthuyo ali ndi magazi kapena akudwala. Nkhope imodzi yomweyo ikhoza kutuluka ikuseka kapena ikulira, kutengera manja amene yadutsamo.

Kwa zaka khumi ndi zinayi alamu awiriwa ankakhala moyang'anizana, akunyozana ngati ana a sukulu.

"Alamu, ili ndi dzanja kapena phava la nthochi?" ankatero a Chalachakuda.

"Ndi dzanja, alamu. Inu pakani, mafunso asiyireni apolisi."

"Popanda ine bwenzi mukugulitsa utsi wokhawokha."

"Popanda ine bwenzi mukupaka nsapato za anthu pa siteji."

Kunena zoona a Chalachakuda ankadziwa kukonza. Mwendo ukatalika ankaufupikitsa, mphuno ikapotoka ankaiwongola, ndipo palibe tsiku limene anafunsapo. Luso likakhala nthawi yaitali osatsutsidwa limayamba kudzimva ngati bwana.

Lolemba lina masana a Pensulo anamaliza tsamba lomaliza, anaimirira kuti atenge chipewa chawo, n'kugwa pansi pakati pa matebulo awiri aja. Anali sitiroko. Inatenga dzanja lamanja n'kumanga lilime.

Patsamba limenelo Kamvuluvulu ankavula chigoba kwa nthawi yoyamba. Owerenga anali atadikira nkhope imeneyi zaka zonsezi. Koma bwana wa kampaniyo ataiona Lachitatu m'mawa anagwira m'chiuno.

"Uyu ndiye Kamvuluvulu? Khutu lopindika ngati tsamba la buku lobwereka! Chikope chogwa, kamzere kodula nsidze, mano a mpata. Akuoneka ngati mayi amene wadikira basi tsiku lonse. Matenda aja anali atayamba kale, dzanja linkanjenjemera. Konzani, madala. Lachisanu likhale kwa osindikiza."

Tsiku lomwelo kunabwera Aphunzitsi, mayi wopuma pantchito amene anaphunzitsa alamu onse awiri kujambula ali anyamata. Anabwera kudzafunsa za wodwala. Anakwera masitepe akudandaula mawondo, koma ataona tsambalo anaiwala mawondowo. Anavala magalasi n'kuwerama nthawi yaitali.

"Iwe," anatero kwa a Chalachakuda, pakuti mphunzitsi saona imvi za mwana wake wa sukulu, "ukuti dzanja linkanjenjemera?"

"Eee, Aphunzitsi. Taonani khutulo."

"Ndaliona. Nanga mawindo a nyumba ili kumbuyoyi? Awerenge. Onse ali chilili ngati asilikali. Dzanja lonjenjemera silisankha malo. Likanjenjemera pa khutu linjenjemeranso pa windo. Komanso taona, pa chibwano wasiya mizere isanu monga mwa nthawi zonse, koma pa khutupa pali mzere umodzi wokha. Munthu amene akufufuza amasiya mizere yambiri. Uyu sankafufuza. Ankadziwa chimene akujambula."

"Ndiye nditani?"

"Ziwiri zokha. Panga fotokope, upake inki pa fotokopeyo, pepala lenilenilo ulisunge. Kenako pita nalo kuchipatala ukamufunse. Pakamwa pamangika, koma mutu amagwedeza."

Bwana anaseka kuseka kwa munthu amene akuyang'ana wotchi. "Mayi, makina a fotokope anafa mwezi watha, ndipo inki pa pepala la fotokope imayenderera ngati mamina a mwana. Kuchipatala nako, munthu ali pa diripi mukamufunse za khutu? Anthu amagula kukongola. Palibe amene amapachika khutu lopindika kuchipinda kwake."

"Tsidya la msewu kuli fotokope," anatero Aphunzitsi. "Ndi masitepe makumi awiri basi, ndawawerenga ndi mawondo angawa."

Atapita, a Chalachakuda anakhala pansi n'kuyang'ana mpando wopanda munthu uja. Tisawanamizire, sanachite mwa nkhanza. Ankaganiza za anthu a m'misewu akuloza tsambalo n'kumati taonani, mkulu uja watha. Buku lomaliza la alamu awo lisekedwe iwo alipo? Anaviika burashi.

Khutu analiwongola. Chikope anachikweza, diso linayamba kuyang'ana ngati la mphamba. Kamzere ka pa nsidze anakalumpha, mano anawalumikiza kukhala mzere umodzi woyera. Inki itauma anatenga labala, n'kufufuta, n'kuuzira nyenyeswa zake pansi. Ntchito yonse sinakwane ola.

Mtsikana wa mitundu atalandira tsambalo anakweza mutu. "Ankolo, mizere yopendekera ili kumbuyoyi ndi mvula kapena kuwala? Pa pensulo inkaoneka ngati mvula."

"Ngwazi ivule chigoba kukugwa mvula, kuti idwale chimfine? Ndi kuwala. Thira golide."

Mtsikanayo anathira golide. Masaya anawasalaza, milomo anaifiiritsa. Tsamba linatuluka lowala moti munthu ukanatha kuwotha. Buku linatha m'masitolo sabata imodzi, ndipo bwana anagulira aliyense chakumwa chozizira, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'mbiri ya kampaniyo.

Patatha masabata atatu a Pensulo anatuluka m'chipatala. A Chalachakuda anavala jekete, anatenga buku ndi tsamba lenileni lija m'envelopu, n'kupita kunyumba kwa mlongo wawo, mkazi wa a Pensulo. Anapeza wodwala atamukhazika pa mpando pafupi ndi windo, dzanja lamanja lili pa pilo ngati mlendo.

"Alamu, mwagona mokwanira, aulesi inu! Taonani mwana wanu, dziko lonse likumufunsira ukwati."

Mbali imodzi ya pakamwa pa a Pensulo inamwetulira. Mkazi wawo anabwera msangamsanga akupukuta manja, nkhope ili ngwee. "Mwabwera nalo, achimwene? Ndakhala ndikuopa kufunsa. Tsegulani ndimuone."

A Pensulo anatembenuza masamba ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto. Anayang'ana. Chala chawo chinapita pa khutu, n'kupita pa nsidze, n'kubwereranso pa khutu. Anakanda pepalalo ndi chikhadabo ngati pansi pake pali china.

"Khu... khutu," anatero.

"Ndinakonza, alamu, musadandaule. Palibe amene anadziwa kuti dzanja linavuta."

Mlongo wawo analanda envelopu ija n'kutulutsa tsamba. Analitembenuza kumbuyo, n'kulitembenuzanso. "La pensulo lili kuti?"

"Ndi lomweli. Pensulo timafufuta."

Mayiyo anakhala pansi, pa simenti penipeni. Atayankhula, mawu ake anali otsika kwambiri.

"Lolemba lija anandiimbira foni masana. Anati, ndamupeza, ndibwera naye madzulo umuone asanapake inki. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, achimwene. Chithunzi chake tinali nacho chimodzi chokha, chija chinaonongeka denga litadontha. Bambowa akhala akuyesa kumujambula mmene akanaonekera atakula, kujambula n'kung'amba, kujambula n'kung'amba. Tsiku limenelo ndi limene anamupeza."

Pamenepo a Chalachakuda anakumbukira. Mwana wa mlongo wawo, mtsikana yekhayo wa m'nyumbamo, anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakonda kuima pa mvula atakweza manja mpaka amayi ake amuthamangitse ndi thaulo.

"Khutu lija anabadwa nalo," anapitiriza mlongo wawo. "Inu nomwe munkamuseka kuti analigonera m'mimba. Chipsera cha pa nsidze anadzigunda pa ngodya ya tebulo lanu, munamunyamula ndinu kupita naye kokasoka. Simunamuzindikire, malume ake?"

A Chalachakuda anayang'ananso tsambalo. Anali atayang'ana nkhope imeneyo masiku awiri athunthu, koma ankawerenga zolakwika.

Anathamanga nalo tsambalo kwa Aphunzitsi. Mayiyo analiika pa galasi la windo, analipendeketsa pa dzuwa, analisisita kumbuyo ndi nsonga za zala kufuna timikwasa timene pensulo imasiya ikadindidwa mwamphamvu. Anapeza mawindo a nyumba ija, onse. Pa nkhope sanapeze kanthu.

"Apa anajambula mopepuka, ngati akuopa kumudzutsa," anatero akuvula magalasi. "Labala anatenga zonse. Mwanawe, ntchito yako ndi yomasulira. Womasulira akapanda kumva mawu amafunsa, saikapo ake chifukwa choti ndi okoma. Sindikukalipira, wadzikalipira kale. Ndiwe amene unaiona nkhopeyo nthawi yaitali kuposa tonse. Tenga pensulo ukayese, mwini wake ali pompo."

Loweruka m'mawa a Chalachakuda anakhala pa tebulo la m'nyumba ya mlongo wawo ndi mulu wa mapepala. Pensulo inkawaterera m'manja, anali asanaigwire zaka zambiri.

"Khutu linali liti, mlongo? Lamanzere?"

"Lamanzere," anatero mayiyo. Kenako anaima. "Ayi, dikirani. Ndikamamusambitsa linkakhala mbali iyi... kapena..." Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, n'kutuluka panja.

A Pensulo anakweza dzanja n'kugwira khutu lawo lamanzere.

A Chalachakuda anajambula. Khutu lopindika linalipo, chikope chogwa chinalipo, chipsera ndi mpata wa mano zinalipo. Anaonetsa alamu awo. A Pensulo anayang'ana n'kupukusa mutu. Anajambula lina, anapukusanso mutu. Zizindikiro zonse zinkakhala m'malo mwake ngati katundu wa m'sitolo, koma munthu mwini wake sankabwera. Pofika pepala la khumi ndi chimodzi tiyi anali atazizira kawiri, ndipo misozi inali itayamba kudonthera pa pepala.

"Ndinkafuna anthu asakusekeni, alamu," anatero a Chalachakuda. "Ndinkafuna akhale wokongola."

A Pensulo anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira chala chakuda chija. Anavutika nthawi yaitali, nsagwada zikulimbana ndi lilime, mpaka mawu anatuluka, amodziamodzi, chiganizo choyamba chathunthu chidwalireni.

"Anali... wokongola... kale, alamu."

Phunziro: Ntchito ya mnzako ikafika m'manja mwako, si chilichonse chopindika chimene chili cholakwika. Funsa mwini wake akadali pafupi, ngakhale atangotsala ndi mutu wogwedeza, ndipo usanafufute chimene sunachipange ndiwe, sunga china pambali. Luso lako likhoza kukongoletsa chinthu, koma silingabweze chimene wafufuta.