Kunsi kwa Mpira wa Dziko

Namasiku ankaunjika tomato pa thebulo lake mumsika wa Maramba ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo linali ndi ntchito yogwira chitenje kuti chisamasuke. Kunsi kwa thebulolo kunali mwana wake Sepo, wa giredi yoyamba, atakhala pa thumba, nsonga ya chitenjecho ataikulunga kuzala zake. Inali nthawi ya sukulu. Anzake anali atadutsa kale ndi mayunifomu awo, koma iye anali atakanitsitsa kwamtuwagalu.

Vutoli linayamba mwadzidzidzi. Mwana amene anali wosagwirika, wokwera mitengo ya mango kuposa anyamata onse a mumzere wawo, tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu akuyenda chogwira mipanda ya anthu. Kuyambira pamenepo sankadutsa pabwalo popanda chogwirira. Kuchimbudzi ankapita chokwawa, ndipo pogona ankakoleka mkono kumwendo wa bedi. Kuchipatala anamupima magazi, anamuunika m'maso ndi m'makutu, koma sanapeze malungo kapena kanthu kena kalikonse. Ukamufunsa chomwe chikumuvuta, ankangoluma mlomo.

Bambo ake, a Mufalo, kunalibe. Chaka chimenecho, cha 1995, anali atapeza ntchito yoyendetsa lole yonyamula matabwa kupita ku Joni, ndipo ulendo uno anachedwerako kwambiri. Dalaivala mnzawo anabweretsa uthenga woti loleyo yawonongeka, akudikira chitsulo. Namasiku atamuuza Sepo zimenezi, mwanayo anangomuyang'ana ndi maso achisoni, ngati wamkulu ndi iyeyo.

Kenako kunabwera a Munalula, achemwali awo a Mufalo, kuchokera ku Senanga. Amenewa sankachedwa kupeza yankho pa nkhani iliyonse. Atangomuona Sepo akukwawa anagamula kuti mwanayo amuchita anthu, ndipo mankhwala ake sali m'tauni. Ananena kuti Loweruka akwera naye basi kupita kumudzi. Namasiku anayesa kudandaula za sukulu, koma mawu ake analibe mphamvu pamaso pa mlamu wamkulu, mwini mwana kulibe. Ankadziwanso kuti ana otengedwa chonchi sabwerera msanga, ena amabwera atamera kale mawere. Mtima unkamuwawa kwambiri, ndipo Loweruka linali mawa lake.

Dzuwa litapendeka, pathebulo panaima kamtsikana kowonda, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anali a Mazuba, aphunzitsi a Sepo. Kunena zoona, Namasiku sankawawerengera kwenikweni. Ankati mphunzitsi wanji wooneka ngati nayenso akudikira belu la kubuleki. Koma iwo anali atayenda wapansi pa dzuwa la Okutobala kudzafunsa chifukwa chake mwana sakuoneka m'kalasi.

Namasiku anafotokoza zonse. A Mazuba anapinda siketi yawo n'kulowa kunsi kwa thebulo, pakati pa mabasiketi ndi makoko a anyezi, n'kukhala pafupi ndi mwanayo. Amayi a m'mathebulo oyandikana anasiya kuitana makasitomala, makosi tolotolo. Aphunzitsiwo anacheza naye za anzake a m'kalasi, za amene wathyoka dzino ndi amene walira, kenako anamufunsa motsitsa mawu chimene akuopa.

Sepo anayang'ana miyendo ya mayi ake, n'kunong'ona. Koma Namasiku anali atawerama, ndipo anamva zonse.

"Ba ticha, munationesa bola ija ya ziko. Munakamba ati ise tinkala apa, kumbali. Ninafunsa ku Joni ni kuti, munasonta pansi pake. Ba dadi banagwa. Ndiye chifukwa sibabwela."

"Nanga ba mami sunabauze chifukwa chani?"

"Bazalila."

Namasiku anagwira pakamwa. Masiku onsewa mwana wake ankasenza yekha maliro a bambo ake, kuopa kuliza mayi. Ndipo pamene ankagwira chitenje, sikunali kudzigwirira yekha ayi, ankagwiranso mayi ake kuti nawonso angaterereke n'kugwera kumene kunagwera bambo.

A Mazuba anatuluka kunsi kuja nkhope itagwa. Anavomera kuti tsiku limenelo anabwereka mpira wa dziko ku ofesi ya ahedi, ana anausangalalira, koma belu linalira asanafotokoze chimene chimagwira anthu pampirapo. Anapempha kuti awadikire pang'ono, n'kulowera kumzere wa okonza mawailesi. Pobwera anali ndi maginito a sipika yakufa ndi timisomali ta osoka nsapato todzaza dzanja. Maginitowo anawakulunga ndi nyuzipepala mpaka anakhala kampira, n'kulowanso kunsi kwa thebulo.

Anamupatsa Sepo kamsomali kuti akaike pamwamba pa kampirako. Kanakhala. Anamupatsa kena kuti akaike m'mbali, kenanso kunsi kwenikweni. Mwanayo anaika monyinyirika, n'kutchera dzanja kuti akawakhe kakamagwa, koma sikanagwe. A Mazuba anatembenuza kampirako uku ndi uku, anakagwedeza, timisomali tili phee.

"Aka ka pambali ni iwe na ba mami. Aka ka pansi ni ba dadi. Bagwa?"

"Awe."

"Ziko nayo idonsa so, koma yeve siidonsa chabe nsimbi. Idonsa vonse, bantu, manzi, na lole ya ba dadi. Idonsela pakati pake. Kulikonse kwamene muntu aimilila, pansi ni kumendo kwake."

Anamuuza kuti mphamvu imeneyi m'mabuku amaitcha giravite, ndipo sipuma, usana kapena usiku, ku Maramba kapena ku Joni. Anamukumbutsa mango a kunyumba kwawo, kuti akapsa sapita kumitambo. Anamufunsa ngati anaonapo madzi a pa mathithi a Mosi-oa-Tunya akukana kutsika. Apa Sepo anayankha kuti utsi wake umakwera m'mwamba, ndipo aphunzitsiwo anaseka ndi chimwemwe, n'kumufunsa chimene chimanyowetsa anthu akaima pafupi. Mwanayo anaganiza kaye, kenako anati ndi utsi womwewo ukamabwerera pansi ngati mvula.

Ndiye a Mazuba anatenga tomato mmodzi pamulu, osapempha n'komwe, n'kumuuza kuti amuponye m'mwamba ndi mphamvu zake zonse kuti aone ngati athawe. Sepo anatulukira m'mbali mwa thebulo, dzanja lina likadali kuchitenje, n'kuponya. Tomatoyo anakwera mpaka kufupi ndi malata, n'kudzaphulikira pa phazi la mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta. Msika wa mbali imeneyo unafa ndi phwete, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire vutoli Namasiku anaona mano a mwana wake. Koma chitenje sanachisiye. Popita kunyumba anachigwirabe njira yonse, kampira kaja ali nako kudzanja linalo.

A Munalula atamva nkhaniyi anangopukusa mutu. Anati misomali ndi misomali, mwana ndi mwana, ndipo iwo sanaonepo matenda ochizidwa ndi zinyalala za wailesi. Sikuti anali munthu woipa. Mwana wa mlongo wawo ankamukonda ndithu, kungoti chimene aganiza sankachibweza wamba.

Loweruka m'mawa anamanga katundu wawo, n'kuika timadiresi ta Sepo m'jumbo. Namasiku anagwada pakhomo, anaomba m'manja monga amachitira kwawo, n'kupempha kuti mwanayo atsale ngakhale mpaka bambo ake atabwera.

"Mulamu, ine sinifuna kukupoka mwana," anatero a Munalula. "Ngati apola, ayende eka ku pompi, atape manzi, abwele. Nikaona na menso yanga, nizamusiya."

Mpopi unali kutsidya kwa bwalo lalikulu limene ana ankamenyerapo mpira, lopanda mpanda, lopanda mtengo, lopanda chogwira chilichonse. Namasiku anamupatsa Sepo kachitini. Sanamulimbikitse, sanamuopseze.

Mwanayo anaima nthawi yaitali atagwira chitseko. Kenako anachisiya. Anaponda kamodzi, n'kupondanso, miyendo itatangadza, mikono ili tambasu ngati woyenda pa njanji. Atafika pakati pa bwalo anaima, ndipo Namasiku anati basi, akhala pansi, zatha. Koma Sepo anaika kachitini pansi, anapinda mawondo, n'kudumpha kadumphidwe kakang'ono koti nyerere yokha ndiyo ikanadutsa kunsi kwa mapazi ake. Anatera. Anayang'ana mapazi akewo kwa kanthawi, n'kudumphanso, ulendo uno mokweza. Anateranso, fumbi kobo. Kuchoka apo mpaka kumpopi anapita chodumpha ngati chule, ndipo pobwerera madzi ambiri anathera m'njira.

A Munalula analandira kachitiniko, n'kusuzumira timadzi totsalato. Analowa m'nyumba, anamasula jumbo ija, n'kuyamba kutulutsa timadiresi kamodzikamodzi, akutiyala pabedi. Potuluka ndi chikwama chawo anauza Namasiku, maso ali kumbali, kuti kamphunzitsi kaja akakathokoze bwinobwino, asakangopita chimanjamanja.

Namasiku anakhala pansi pakhomo pomwepo. Anathokoza Mulungu, anathokoza mlamu wake, ndipo koposa onse anathokoza mphunzitsi amene iye ankamuderera, amene sanachite manyazi kukwawira kunsi kwa thebulo la tomato chifukwa cha mwana wa eni. Misozi inayamba kutsika yokha, ndipo sanaibise.

Sepo anabwera akupuma wefuwefu, miyendo ili matope okhaokha. Ataona nkhope ya mayi ake anasiya kuseka, anagwada, n'kuwapukuta m'masaya ndi kadzanja konyowa.

"Musalile, mami," anatero. "Ba dadi sibanagwe. Ziko ibagwilila."