Kagudumu Kamene Kankalira

Makina oumitsira zovala aja anayamba kulira mwana atamwalira kale. Akanayamba mwanayo ali moyo palibe akanawalabadira, chifukwa m'nyumba ya khanda chilichonse chimalira, ngakhale makolo amene. Koma makinawo anadikira kuti nyumba iti ziii, ndiye n'kuyamba.

Telala anawagula kwa munthu wina amene ankasamuka. Iye ndi mkazi wake ankakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, popanda bwalo loyanikapo, ndipo mwana anabadwa mvula ili pakati. Matewera ankangoti lende m'mipando, akununkha chinyezi. Anthu anamuseka kuti telala wa pakhonde akudziyesa bwana, koma matewera atayamba kutuluka ouma, ofunda, oseka omwewo ankakwera masitepe atasenza mabulangete awo. Makinawo anawaika m'kachipinda kochapira kuseri kwa khitchini, kamene munthu ukati utembenuke chigongono chimagunda khoma.

Mwanayo ankamutchula kuti Kabatani, poti anabadwa wamng'ono, wa nkhope yozungulira. Anakhala naye miyezi yochepa chabe. Chibayo chinamugwira, ndipo masiku ake omaliza anali olira okhaokha, kulira kosasa mawu kumene sikunkamva bere, kumsana, kapena nyimbo. Mayi ake anayenda naye m'khonde la chipatala mpaka mapazi kutupa, akumunyengerera kuti agone. Sanagone. Anangosiya kulira, ndipo adokotala anabwera kudzanena zimene makolowo anali ataziona kale.

Kulira kwa makinawo kunali komweko. Mgolo wa m'kati woikamo zovala ukayamba kuzungulira pankamveka kaye kudandaula kwapansipansi, kenako kamawu kankakwera, n'kudukiza ngati kakukoka mpweya, n'kukweranso. Telala ankadziwa bwino lomwe chimene chinkachitika. Munthu amene wakulira pa makina osokera sangapusitsidwe ndi lamba ndi gudumu: penapake m'katimo munali kagudumu kouma, kofuna mafuta kapena kusintha. Mutu wake unkadziwa zimenezo. Koma tsitsi lake silinaphunzire utelala, ndipo linkachita nyaunyau nthawi iliyonse makinawo akayamba.

Mkazi wake anayamba kuchapa tsiku ndi tsiku. Anachapa zakuda, zitatha anachapa zoyera, kenako anatsitsa makatani. Zochapa zitasowa ankangoyatsa makinawo opanda kanthu. Telala akabwera kunyumba masana ankamupeza m'kachipinda muja, chitseko chili chotseka pang'ono, dzanja lili pamwamba pa makina, akuwasisita, thupi likugwedezeka uku ndi uku ngati wabereka mwana. Chichokereni kuchipatala mayiyo anali asanagone tulo tenitweni. Maso analowa m'kati, madiresi anayamba kumukhwepa, ndipo telala, amene amadziwa muyeso wa munthu pongomuyang'ana, ankaona mkazi wake akutha ngati sopo. Zinkamupweteka kwambiri.

Kale sankabwera kunyumba masana. Ankadyera pakhonde pomwe ankasokera, ulusi uli kukamwa. Tsopano dzuwa likafika pamutu ankaphimba makina ake osokera n'kuuyamba wa kunyumba, kukaima m'khitchini atagwira kapu ya madzi, osamwa. Ankadziuza kuti akukazonda mkazi wake, ndipo sankadzifunsa zambiri.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake, mkulu wa mkaziyo, mayi wa pakamwa posatseka, amene nthawi zonse ankamupatsa moni pomufunsa ngati anaphunzira kusoka thalauza la miyendo yofanana. Tsiku limenelo nthabwala panalibe. Anakhala pampando, makinawo akulira kuseri kwa khoma, ndipo tiyi anamuzizirira m'manja.

"Alamu, chinthuchi chikonzeni," anatero motsitsa mawu. "Mukapanda kutero ndimutenga mng'ono wangayu akakhale kwathu. Sindingamayang'ane akutha chonchi."

Telala anayankha kuti akonza mawa. Mawa litafika anati alibe sipanala, sipanala itapezeka anati ali ndi suti ya ukwati yofunika msanga. Zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo telalayu ankadziwa mwambiwo ngati wina aliyense. Koma anali ndi mantha. Ankaganiza kuti mkazi wake amayatsa makinawo kuti azimvabe mawu a mwana wake, ndipo kuwatontholetsa kukanakhala kumulanda Kabatani kachiwiri. Akakonza, mwina mkaziyo sadzamukhululukira. Akapanda kukonza, mlamu amutenga, kapena matenda amutenga mlamu asanafike. Anagwira njakata.

Zinasintha masana ena. Anakwera masitepe, kulira kuja akukumvera pansi pomwe, ndipo atakankha chitseko cha kachipindako anapeza mkazi wake atakhala pansi, chipumi atatsamiritsa pachitsulo chotentha. Bulauzi yake inali itanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri. Mkaka umene aliyense ankati unauma unali utabwerera. Mayiyo anadzutsa mutu n'kumuyang'ana ndi maso ofiira.

"Sakutonthola, bambo," anatero. "Ndayesa zonse. Ndikazimitsa ndimakhala ngati ndamutsekera chitseko ali m'kati molira, ndiye ndimayatsanso kuti mwina lero agona."

Nthawi yonseyi telala ankayesa kuti mkazi wake akusangalala ndi kulirako, pomwe mayiyo anali akadali m'khonde la chipatala lija, akuyenda uku ndi uku ndi mwana wosagona. Anamudzutsa pansipo, anamupatsa madzi, ndipo anamuuza kuti m'mawa sapita kuntchito.

Kutacha anabwereka chomasulira mabawuti kwa mnzake wokonza njinga, n'kuonera pafoni mmene ena amatsegulira makina otere. Anazula pulagi kukhoma, anakoka makinawo mpaka atapeza pogwada, ndipo anaika mbale pansi yoti aziponyamo mabawuti. Chivundikiro cha pamwamba chinavuta mpaka anachitokosa ndi mpeni wa patebulo. Chitsulo chakutsogolo chinachoka mosavuta, ndipo mgolo unatsala poyera, utazengedwa ndi lamba wakuda wopyapyala.

Pansi pa mgolo panali ubweya wa nsalu umene unaunjikana chigulireni makinawo, wochindikala ngati bulangete. Munthu wina akanangoona fumbi. Telala anaona nsalu. Pamwamba panali zotuwa za makatani, pansi pake zakuda za mathalauza ake, ndipo ataukokera kunja, pansi penipeni panatuluka ubweya wachikasu, wofewa. Unali wa kansalu kamene iye mwini anasoka, kofundira Kabatani. Anakhala atagwada, dzanja lili m'malere, mpaka mawondo anayamba kumuwawa. Kenako anaukulunga bwinobwino m'pepala n'kuika pashelefu, pambali pa sopo.

Anajambula ndi foni mmene lamba anadutsira, kuti asadzasochere pobwezera. Analowetsa mkono pansi pa mgolo, n'kupapasa mpaka anapeza kachitsulo ka sipuling'i kamene kamakoka lamba kuti akhale wolimba. Anakakankha, lamba anakhwepa, ndipo kumapeto kwa kachitsuloko kunali kagudumu kaja. Atakamasula n'kukatulutsa poyera, kanali ka pulasitiki, koyera kotuwira, kokwana pachikhatho, kodyeka mbali imodzi. Pakati pake panali patakulungana ulusi wamitundumitundu, wouma gwa. Unali ulusi wake womwe, umene ankabwera nawo kunyumba utamatirira ku zovala. Anakazunguza ndi chala. Kanalira, pang'ono chabe, m'manja mwake momwemo, ndipo anatsala pang'ono kukaponya pansi.

Mafuta sakanathandiza, kanali katadyeka moti kankagwedera. Anakaika m'thumba n'kupita kushopu ya zipangizo za makina. Mwini shopu, bambo wa magalasi okhuthala, anakayandikiza kukhutu n'kukazunguza.

"Kakulira ngati khanda," anatero akuseka. Sankadziwa kanthu, munthu wosalakwa.

Anafufuza m'mabokosi n'kutulutsa kena katsopano, ndipo kakale kaja anafuna kukaponya m'bini ya pansi pa kauntala. Telala anatambasula dzanja mofulumira kuposa mmene ankafunira. Ananena kuti akufuna kukayerekezera kunyumba, ndipo mwini shopu anangokweza mapewa n'kumubwezera.

Kuphwasula n'kosavuta, ngakhale mwana amatha. Kubwezera ndiye kumaonetsa mmisiri. Kagudumu katsopano kanalowa bwino, koma lamba anakana. Malo ake anali osaoneka, ofunika kugwira ntchito ndi zala zokha, tsaya litagunda chitsulo, ndipo nthawi iliyonse akati wakola, mgolo unkatsika, lamba n'kupulumuka. Chitsulo chinamucheka pachala. Anatukwana chapansipansi, munthu amene satukwana ngakhale singano itathyoka pa diresi la mkwatibwi. Ndipo pamene ankati apume, mgolo uja unapepuka wokha. Anachita mantha kwenikweni, mpaka atasuzumira n'kuona mapazi a mkazi wake. Anali atalowa mwakachetechete n'kunyamula mgolowo ndi manja awiri.

"Kwezani pang'ono, mayi," anatero. "Basi, pomwepo."

Lamba analowa. Anazunguza mgolo ndi dzanja kangapo ndipo unayenda osakhula paliponse. Anabwezera zitsulo zonse, mkaziyo akumupatsira mabawuti kuchokera m'mbale. Pomaliza, monga zimachitikira amisiri onse odziphunzitsa okha, bawuti limodzi linatsala, ndipo onse awiri analiyang'ana osadziwa kwawo. Mkazi wake anachita ngati amwetulira. Chinali chinthu chimene telala anali ataiwala maonekedwe ake.

Anakankhira makinawo kukhoma, analumikiza pulagi, anaponyamo thaulo lonyowa, n'kutseka kachitseko. Kenako anadina batani.

Mgolo unayamba kuzungulira. Thaulo linkakwera n'kugwa, kukwera n'kugwa. Onse awiri anaima chilili, akudikira kudandaula kwapansipansi kuja, akudikira kuti kamawu kakwere. Sikanakwere. Kunkangomveka kung'ung'udza kofatsa, kofanana, ngati kupuma kwa munthu amene ali m'tulo. Mkaziyo anaika dzanja pamwamba pa makinawo. Anasisita kamodzi, kawiri, kenako dzanjalo linaima. Telala anamuyang'anitsitsa. Ankadikira kuti mkazi wake akuwe, kapena amufunse chimene wachita ndi mwana wake.

"Wagona," anatero mayiyo monong'ona.

Anachotsa dzanja pang'onopang'ono ndipo anatuluka monyang'ama, akuponda ndi zala. Telala anamutsatira mpaka kuchipinda. Mkaziyo anadziponya pabedi dzuwa likuswa mtengo, osavula n'komwe masilipasi, ndipo asanamalize kumufunditsa tulo tinali titamutenga kale. Nkhope yake inamasuka. Telala anaima akumuyang'ana, ndipo anasangalala, chifukwa tsopano mlamu akanabwera sakanapeza womutenga.

Anabwerera kukhitchini n'kukhala pampando. Ntchito inali itatha, chala chinali chitasiya kutuluka magazi, ndipo akanayenera kutsuka m'manja n'kukabweza chomasulira cha eni ake. Koma anangokhala. Kuseri kwa khoma makina ankang'ung'udza bwinobwino ngati makina ena aliwonse. Anatunga madzi m'kapu, n'kuigwira osamwa, monga ankachitira masana onse aja, ndipo anadzipeza akutchera khutu. Panalibe choti amve. Apa m'pamene anazindikira chimene chinkamukweza masitepe dzuwa lili pamutu, ndi chifukwa chimene sipanala inkasowera. Kumanda sanalire, poti ankagwira mkazi wake kuti asagwe. Kunyumba sanalire, poti anthu ankamuyang'ana. Amene ankasunga mawu a Kabatani m'makinamo sanali mkazi wake, anali iye mwini. Chisoni chinamugwera chonse pakamodzi.

Anapisa dzanja m'thumba. Kagudumu kakale kaja kanali momwemo, kofunda ndi thupi lake. Anakatulutsa n'kukayang'ana, ulusi wake uja ukadali wokulungana pakati. Anadziuza kuti kamodzi kokha. Anaika chala chachikulu m'mphepete mwake n'kukankha.

Kanalira. Kamawu kanakwera, n'kudukiza ngati kakukoka mpweya.

Kuchipinda, kumene mkazi wake anali m'tulo tofa nato, kunamveka mawu olemera ndi tulo, odekha, opanda mkwiyo.

"Musamudzutse, bambo."

Telala anafumbata kagudumuko mwamphamvu kuti kasazungulirenso. Anakhala choncho, misozi ikugwera pachibakera, mpaka makina anamaliza kuumitsa thaulo lija n'kuzima okha.