Msasa Sunyamuka Miriamu Ali Kunja

Amayi a ku Malawi okhala mu Nairobi ali ndi gulu lawo la mapemphero, ndipo chaka chilichonse mu Juni amabwereka basi kupita ku Naivasha kukapemphera. Amakapempheradi, tisawanamizire, koma amakaonetsananso zitenje zatsopano ndi kufunsana kuti kontrakiti ya mwamuna wa uje itha liti. Flossie Chirambo sankajomba ulendo umenewu, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo m'basi.

Chaka chino komiti inakumana kwa Mayi Veronica, tcheya wa gululo, ku Muthaiga, kunyumba komwe ngakhale agalu ali ndi wantchito wawowawo. Nkhani inali ya Watipa, mtsikana wa ku yunivesite amene ankaimba nawo. Anali ndi pathupi, ndipo mnyamata wake anali atazimitsa foni. Mayi Veronica anatsegula Baibulo pomwe anali ataika kale chala, nawerenga za Miriamu, mlongo wake wa Mose, momwe anagwidwira khate n'kutulutsidwa kunja kwa msasa. Atafika pamenepo anatseka buku.

"Sitikumuda mwanayu ayi," anatero. "Koma ayambe wakhala kunja. Ku Naivasha asapite."

Mitu inagwedezeka kuvomereza. Flossie mtima unamutentha. Analibe vesi lobwezera, ndipo pagulu limenelo munthu wopanda vesi amangomwa tiyi.

Kuntchito kwake, kubungwe lina loona za madzi, Flossie anali ndi mnzake Myuda, Dina Halperin, injiniya wa mijigo, mayi wosadziwa kunong'ona. Lachisanu lililonse masana Dina ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi ndi anzake ochepa, kuwerenga gawo la sabata imeneyo la mabuku asanu a Mose. Ayuda anagawa mabukuwo sabata ndi sabata, ndipo akamaliza chaka amayambiranso. Sasankha zokoma zokha. Kaya ndi miyeso ya chihema, kaya ndi matenda apakhungu, amawerenga gawo lonse, kenako n'kuyamba kukangana ngati ali pamsika. Flossie anayamba kukhala nawo chifukwa cha buledi woluka amene Dina ankabweretsa, koma chomwe chinamukhalitsa ndi mkanganowo.

Lachisanu limenelo anafika mpweya uli m'mwamba. "Dina, tandiuze za Miriamu ndi khate lake."

"Miriamu ndi wa sabata yamawa," anayankha Dina. "Ife sitidumpha. Lero tili ndi akalonga obweretsa mphatso."

Ndiye Flossie anakhala pamenepo kumvetsera akalonga khumi ndi awiri akubweretsa mbale zofanana ndendende, wina pambuyo pa mnzake, iye mumtima akutukwana mbale iliyonse. Akanatha kukatsegula Baibulo lake kunyumba, koma ankaopa kupeza kuti Mayi Veronica ananena zoona.

Sabata yotsatira, ulendo uli mawa lake, anawerenga za nyale, za malipenga, za anthu olirira nyama ndi nkhaka za ku Iguputo. Mizere yotsiriza anapatsa Flossie. Anawerenga za khate, za kutulutsidwa kunja, mawu omwewo amene anawamva ku Muthaiga. Koma chiganizocho chinali chisanathe. Chinapitirira kunena kuti anthu sananyamuke ulendo mpaka Miriamu atalandiridwanso.

"Onse?" anafunsa.

"Onse, ndi ng'ombe zomwe," anatero Dina. "Aphunzitsi athu akale amati Miriamu ali mtsikana anaima m'mbali mwa mtsinje kudikira kuti aone zomwe zichitikire kamlongo kake Mose m'kabasiketi. Ndiye tsiku lake litafika, mtundu wonse unamudikira sabata yathunthu. Ukatulutsa munthu, nawenso suyenda."

"Nanga analakwanji?"

"Anakamba za banja la Mose, mwini wake kulibe. Ndipo Aroni, mlongo wake wina, anakamba nawo, koma khate linagwira mkazi yekha. Chaka chilichonse ndikafika apa ndimapsa mtima."

"Ndiye mumawerengeranji chaka ndi chaka?"

"Kuti ndione ngati mkwiyo wa chaka chatha ndinachita nawo kanthu," anatero Dina, akunyema buledi.

Loweruka m'mawa kunali chisanu cha Juni chija cholowa m'mafupa. Basi inaima pamalo oimika magalimoto ku Lavington, amayi akukweza zikwama ndi mafulasiki. Flossie anaika chikwama chake pansi pafupi ndi chitseko cha basiyo, nakhalapo. Anatulutsa foni n'kuimba mokweza kuti aliyense amve.

"Watipa, longedza zovala. Kwera boda, njinga yamoto ija, maminibasi a matatu akuchedwetsa. Ndikukudikira."

"Anti, anandiuza kuti ndisabwere," anatero mtsikanayo, mawu ali pansipansi.

"Ndamva zomwe anakuuza. Nyamuka."

Mayi Veronica anatsika m'basi atakulunga shawelo m'khosi. "Mayi Chirambo, mukutani? Komiti inagamula, inu mulipo."

"Ndinalipo, Mayi Tcheya. Koma tsiku lija munatseka Baibulo chiganizo chili pakati. Litseguleni mumalize. Miriamu atatuluka, msasa sunanyamuke. Ngati Watipa ndi Miriamu, basi iyi izime."

"Zimenezi mwazitenga kwa Ayuda anu aja."

"Zili m'chikwama mwanumo, Numeri chaputala thwelofu. Iwo kusiyana kwawo n'kwakuti amawerenga mpaka pansi. Ndipo Miriamuyo anatuluka chifukwa chokamba za m'nyumba mwa eni. Tikati titsate zimenezo, basi iyi ipita ndi dalaivala yekha."

Wina m'basi anaseka, n'kusandutsa chisekocho chifuwa. Ena anayang'ana m'mafoni mwawo. Mayi mmodzi anatseguladi Baibulo lake, nawerenga milomo ikuyenda, kenako analitseka n'kuyang'ana panja pawindo linalo. Flossie anamuona, ndipo zinamupweteka kuposa mawu a tcheya.

"Mwana ameneyu ali kutali uko ku Utawala," anatero Mayi Veronica. "Ndi jamu ya lero afika dzuwa lili pamutu. Ife tili ndi pulogalamu. Mukwera kapena simukwera?"

"Sindikwera."

Dalaivala, Mkenya amene sankamva Chichewa koma ankadziwa nkhope ya mkangano, anasuzumira. "Mama, twende?" anafunsa m'chinenero chakwawo ngati anyamuke.

"Twende," anatero Mayi Veronica.

Basi inatuluka pageti. Panalibe woyambitsa nyimbo, ndipo inapita mwakachetechete ngati yonyamula odwala. Flossie anatsala pachikwama chake, manja ali m'khwapa. Anali ndi mantha, tisabise. Amayi amenewa ndiwo anamusunga mwamuna wake atamwalira, ndiwo anali abale ake m'dziko la eni, ndipo ankadziwa kuti dzina lake lidyedwa pamodzi ndi mandazi asanafike n'komwe ku Limuru. Mlonda anabwera kawiri kudzafunsa ngati wasiyidwa. Kawiri konse anamuuza kuti sanasiyidwe, akudikira munthu.

Watipa anafika dzuwa litatentha, atavala juzi lalikulu lobisa mimba, kachikwama kali pamsana. Anatsika boda nayang'ana uku ndi uku.

"Basi ili kuti, Anti?"

"Yapita."

"Ndakuvutitsani chabe. Mukanangopita."

"Ukanafika pano osapeza munthu, ukanabweranso kumapemphero?"

Watipa anapukusa mutu, misozi ili chuchuchu. Flossie anamusiya alire pang'ono, kenako anaimirira, miyendo itachita dzanzi, nakoka chikwama chake.

"Pukuta maso. Tikakwere matatu kutawuni, a ku Naivasha sasowa."

"Tiwatsatire? Akandibweza pakhomo."

"Bedi langa ndi lokwana awiri. Ndipo juzi ilo uvule tikamalowa. Ngati akufuna kukutulutsa, akakutulutse akukuyang'ana m'maso, ine nditakugwira dzanja."

Watipa anapukuta maso. Kenako anavula juzilo pomwepo, nalipinda, nayamba kuyenda patsogolo.