Chidindo cha Liwiro

"Kuchipatala satuma munthu, mwanawe. N'chimodzimodzi kuchimbudzi." Anatero mayi ake a Liwiro, koma mwanayo anali nkhutukumve chibadwire.

Liwiro ankasoka pafakitale ya mayunifolomu. Dzinalo anamupatsa ndi anzake, chifukwa ena akamalimbana ndi kolala imodzi, iye amakhala atapachika malaya atatu. Tsono achipatala anaona kuti azimayi a m'mafakitale sabwera kudzayezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Akanabwera nthawi yanji? Amalowa ntchito chipatala chisanatsegule, n'kuweruka chitatseka. Ndiye anawalondola komweko. Anaimika galimoto pageti, n'kumanga tenti, ndipo kapitawo analamula kuti mayi aliyense adzamuonetse khadi lodindidwa.

Singano ya makina inali itamuboola chala kawiri osalira, koma kabedi ka m'tentimo Liwiro ankakaopa.

"Ine ndikagone chagada, mlendo azindisuzumira ndi tochi? Ndasanduka minibasi yoti amakaniko aziiona kunsi?"

Anaitana mng'ono wake, amene ankangokhala pakhomo.

"Iwe ndi ine nkhope ndi imodzi. Tenga khadili. Akakufunsa dzina, ukatchule langa. Ndikusokera diresi la zipi kumsana."

"Achemwali, nanga akakapeza kanthu, kakhala ka ndani?"

"Kako. Ine changa n'chidindo."

Mng'ono uja analawirira, nakhala woyamba pamzere. Sanamupeze ndi kanthu. Pakhadi analemba kuti zonse zili bwino, abwerenso pakatha zaka zitatu. Liwiro anakaliika patebulo la kapitawo anzake asanavule ndi nsapato zomwe. Kapitawo anasangalala mpaka anaitana wojambula, ndipo sabata isanathe nkhope ya Liwiro inali pageti, ikumwetulira, pansi pake atalemba kuti: INE NDINAYEZETSA, NANGA INU?

Azimayi amantha ankabwera kudzamunong'oneza. "Asisi, kodi zimawawa?"

"Aaa, kuluma kwa nyerere kumaposa. Pitani, musachite manyazi ngati ana."

Ndipo ankapitadi. Awiri anawapeza nako kachiyambi, anawathandiza tsiku lomwelo, Lolemba anali pamakina.

Ana inu, bodza ukalisunga nthawi yaitali limayamba kukunamiza mwini wake. Itatha miyezi ingapo, Liwiro anayamba kuona magazi pa masiku osakhala ake, msana ukuwawa ngati wamenyedwa. Munthu amene amakuchapira zovala sungamubise kanthu. Mayi ake anamuitanira kuchipinda n'kutseka chitseko.

Liwiro anatulutsa khadi m'chikwama. "Amayi, inu kuwerenga simudziwa. Apa alemba kuti ndili bwino."

"Kuwerenga sindidziwadi. Koma amene anavula tsiku lija ndikumudziwa, ndinabereka ndine."

"Ndi mpando wakuntchito uwu, ngwolimba."

Anagula kapilo.

Chaka chitatha galimoto ija inabweranso. Liwiro anaima pageti, mwendo umodzi utaloza kutenti. Koma akalowe bwanji, nkhope yake ili pamwamba pakepo ikufunsa anthu kuti nanga inu? Namwino wina anamuzindikira. "Inu mayi wathu wachitsanzo, mwatsala ndi zaka ziwiri. Apatseni mpata anzanu." Liwiro anathokoza mwaulemu n'kukalowa ntchito.

Anagwa Lachinayi lina masana, nsalu ili pamakina. Kuchipatala dokotala anayang'ana khadi, nayang'ana zimene anapeza, nakwiya. "Ndani anakuyezani? Chinthu chachikulu chonchi osachiona? Ameneyo ntchito imuthere!"

Apa m'pamene Liwiro anaulula, maso ali kudenga. Dokotala anavula magalasi. Kenako anati khansayo ikanapezeka tsiku la tenti lija inali ntchito ya mphindi zochepa, koma tsopano yafalikira, mpeni sungathandize.

Lero ali gone m'chipinda cha mayi ake, ndipo amene amamutembenuza ndi mng'ono wake. Kufakitale kunabuka mphekesera yoti kuyezetsa n'kopanda ntchito, poti ngakhale woyezetsa woyamba uja wadwala. Mayi ake atamva, anakoka mpando n'kukhala pakhomo pa chipindacho. Aliyense wobwera kudzazonda, asanaike n'chikwama pansi, iwo amati, "Auze."

Ndipo Liwiro amawauza, mmodzimmodzi, ndi timawu tomwe tamutsalira.